MADIGIRI A KULANKHULA ZA NDALE AYESEDWE PA NYIMBA

Pali mwambo watsopano pakati pa anyamata ndi atsikana amene atsiriza maphunziro a pa yunivesite. Akalandira digiri yoyamba, ena a iwo ayamba kufunafuna yaciwiri, imene amaicha Masters, m'phunziro la kafalitsidwe ka nkhani za ndale. Ena alembera ku London ndi ku Leeds, ena ku Cape Town, enanso akhala konkuno ku Lusaka. Makolo agulitsa ng'ombe, mabungwe apereka ndalama, ndipo mwana anyamuka. Cimene apita kukaphunzira ndico m'mene Boma, zipani, manyuzipepala ndi mawailesi alankhulira kwa anthu, ndiponso m'mene mau amenewo asinthira mtima wa munthu pa tsiku la masankho.

Palibe munthu wanzeru amene angatsutse maphunziro. Dziko limene pa tsiku la ufulu, 24 October 1964, linali ndi ana ace a digiri pafupifupi 100 okha silinganyoze mwana wofuna kuonjezera nzeru. Koma dziko lomwelo lili ndi ufulu wofunsa kuti nzeruzo zipita kuti, ndipo zitumikira yani. Pakuti m'phunziro limeneli muli njira ziwiri. Ina iphunzitsa munthu kugulitsa wandale monga agulitsira sopo: kusankha mtundu wa malaya, kupanga mau okoma osanena kanthu, kudziwa mantha a anthu ndi kuwasonkhezera. Ina iphunzitsa munthu kufotokoza za Boma kwa anthu momveka, ndi kutenga za anthu kupita nazo ku Boma zosasungunula. Njira yoyamba ndiyo ili ndi ndalama zambiri, ndipo ndiyo ikopa ana ambiri. Imeneyo ndiyo iyenera kutsutsidwa poyera, ndipo malo oyesera zonse ziwiri ndi boma la Nyimba.

Nyimba ili pa mseu waukulu wa Great East, makilomita oposa 300 kucokera ku Lusaka. Apaulendo aidziwa cifukwa ca nthoci zogulitsidwa m'mbali mwa mseu, ndipo ambiri a iwo, kuphatikizapo akatswiri opita ku misonkhano ku Chipata, aidziwira pa zenera la galimoto basi. Kale inali mbali ya boma la Petauke. Kalembera wa 2010 anapezamo anthu 85,000, ndipo pofika 2022 anali atapitirira kwambiri 100,000. Anthu amenewa ali pansi pa mafumu anai, a Luembe, a Nyalugwe, a Ndake ndi a Mwape. Ena akhala kumtunda kumene mseu uli pafupi, ena m'cigwa ca Luangwa kumene njobvu zilowa m'minda ndipo miseu ibvuta mvula ikagwa. Cinenero ca pakhomo ndi Cinsenga. Pa zinenero zisanu ndi ziwiri zimene wailesi ya dziko iulutsira, Cinsenga palibe. Anthu a Nyimba amva za Boma lao m'Cinyanja, ndipo zolembedwa zambiri zifika m'Cingelezi. Munthu wa digiri yaciwiri amene sangathe kuimirira pa bwalo la mfumu m'dera lotere ndi kufotokoza lamulo latsopano mpaka nkhalamba igwedeze mutu, ameneyo sanatsirize maphunziro, angakhale pepala lace likhale ndi cidindo ca golide.

ATSAMUNDA ANALI NAO AKATSWIRI

Amene aganiza kuti nkhani imeneyi inayamba ndi Facebook ayenera kuwerenga mbiri ya dziko lao. Boma la atsamunda linayambitsa nyuzipepala ya Mutende mu 1936, yolembera anthu akuda m'Cingelezi ndi m'zinenero zao, Cinyanja cili pomwepo. Mu 1941 wailesi inayamba kuulutsa ku Lusaka. Mu 1949, mwa khama la Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani, kunabwera kawailesi kochipa ka mabatire kooneka ngati poto, kochedwa Saucepan Special, kamene kanagulitsidwa pa mtengo wa mapaundi 5. Nyumba ya wailesi ya Central African Broadcasting Station inali ndi akatswiri enieni, ndipo pakati pa anchito ace panali Alick Nkhata, woimba amene anthu anamkonda kuyambira ku Copperbelt mpaka ku Nyasaland.

Nanga cinacitika nciani pamene atsamunda anafuna kugwiritsa nchito zida zonsezi kukometsa citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland? Anthu anakana. M'zaka za 1952 ndi 1953 kunabuka mbiri ya banyama, anthu amene amati agwira anzao usiku ndi kuwacotsa magazi, ndipo oulutsa mau akuda a pa wailesiyo anayamba kulozedwa zala kuti ndiwo banyama. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa wailesiyo, analemba za mantha amenewo m'buku lace la Wayaleshi mu 1959. Boma linali ndi wailesi, nyuzipepala ndi magalimoto a kanema, koma anthu anakhulupirira mphekesera koposa zonsezo, popeza anadziwa kuti Boma limenelo linali litagamula kale za moyo wao osawafunsa. Citaganya cinayamba mu 1953 ndipo cinatha mu 1963. Omenyera ufulu amene anacigwetsa analibe nyumba ya wailesi m'dziko muno. Anali ndi njinga, misonkhano ya pansi pa mitengo, ndi anthu odziwika m'midzi yao amene mau ao anali ndi kulemera.

Ngakhale ku America komweko, kumene phunziro limeneli linakulira, zimene anapeza poyamba sizisiyana ndi zimenezi. Paul Lazarsfeld ndi anzace anafufuza anthu a ku Erie County, m'cigawo ca Ohio, pa masankho a 1940, ndipo anapeza kuti wailesi ndi nyuzipepala sizitembenuza anthu ambiri mwacindunji. Nkhani ifika kwa anthu owerengeka amene anzao awadalira, ndipo amenewo ndiwo aipereka kwa ena. Nduna iliyonse ya mfumu ya Cinsenga ikadawauza zimenezo kwaulere. Komabe ulemu uwapite, pakuti iwo anapita kwa anthu, anawafunsa mwezi ndi mwezi, nalemba zimene anamva. Mwana wa ku Petauke amene aloweza dzina la Lazarsfeld kuti akhoze mayeso, koma osapita kukafunsa anthu a kwao monga anacitira Lazarsfeld, watola makoko ndi kusiya mtedza.

NJIRA IMENE INASANDUKA YA MBALI IMODZI

Ufulu utabwera, Boma la a Kenneth Kaunda linacita zambiri zoyamikika pa nchito imeneyi. Cigawo ca Boma cofalitsa nkhani cinasindikiza manyuzipepala m'zinenero za anthu: Tsopano m'Cinyanja, Imbila m'Cibemba, Liseli m'Cilozi, Intanda m'Citonga, ndi ena. Magalimoto a kanema anafika m'midzi kumene magetsi sanafikeko. Kuyambira mu 1966 alimi anayamba kusonkhana m'magulu kumvetsera pologalamu ya zaulimi pa wailesi, kukambirana zimene amva, ndi kutumiza mafunso ao kwa alangizi. Pamene pologalamu ya Lima inabwera, akatswiri anasiya kulankhula za mahekitala ndi makilogalamu okha, napatsa mlimi muyeso wa munda umene angayese ndi cingwe ndi muyeso wa fetereza umene angayese ndi kapu. Amene anaganiza zimenezo anadziwa kulankhula kwa anthu.

Pa 13 December 1972 dziko linalowa mu ulamuliro wa cipani cimodzi, potsatira komiti ya a Mainza Chona. Cipani ca UNIP cinali ndi makwerero kucokera pa sekishoni, kupita pa buranchi, pa wadi, mpaka pa boma, ndipo anthu anauzidwa kuti makwerero amenewa ndi a kutsika ndi kukwera komwe: malamulo atsike, madandaulo akwere. Zoona zace nzakuti m'kupita kwa zaka anakhala a kutsika kokha. Boma linali litagula kale nyuzipepala imene inadzakhala Zambia Daily Mail mu 1965, ndipo pa 30 June 1975 a Kaunda analengeza kuti Times of Zambia nayo idzakhala m'manja mwa Cipani. Wailesi ndi wailesi ya kanema zinali za Boma. Wapampando wa wadi anaphunzira kuti lipoti lokoma ndilo lisunga mpando. Cotero atsogoleri anamva mau ao okha akubwerera kwa iwo, nayesa kuti ndi mau a anthu.

Malipiro ace anafika. Mu December 1986 mtengo wa unga woyera unakwezedwa koposa kawiri pa nthawi imodzi. Ku Copperbelt kunabuka zipolowe, anthu anafa, ndipo Boma linabweza mau ace. Mu June 1990 mtengo unakweranso, zipolowe zinagwira Lusaka, anthu oposa 20 anafa, ndipo pa 30 June msilikali Mwamba Luchembe analowa m'nyumba ya wailesi nalengeza kuti asilikali atenga Boma. Sanapambane, koma anthu anabvina m'miseu kwa maola angapo, ndipo kubvina kumeneko ndiko lipoti loona limene makwerero a Cipani analephera kukweza kwa zaka zambiri. Pa 31 October 1991 cipani ca MMD ca a Frederick Chiluba cinatenga mipando 125 mwa 150. UNIP inatsala ndi 25, ndipo 19 mwa imeneyo inali mipando yonse ya cigawo ca Kum'mawa. Cifukwa cimene anthu a Petauke ndi Nyimba anakhalira ndi a Kaunda pamene dziko lonse linawasiya ndi funso loyenera buku lathunthu la wophunzira wa digiri yaciwiri, ndipo nkhalamba zimene zingaliyankhe zili kutha caka ndi caka.

Phunziro limeneli linabwerezedwa zaka 30 pambuyo pace, pa nthawi ya zipani zambiri. Nyuzipepala ya The Post inatsekedwa mu June 2016, ndipo Prime TV inalandidwa cilolezo mu April 2020. Pa tsiku la masankho, 12 August 2021, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa mpaka bwalo lalikulu la milandu linalamula kuti zitsegulidwe. Angakhale zinali tero, a Hakainde Hichilema anapeza mavoti okwana mamiliyoni 2.8 pamene a Edgar Lungu anapeza mamiliyoni 1.8. Kuno kum'mawa, a Dora Siliya, amene anali nduna ya zofalitsa nkhani ndi mneneri wamkulu wa Boma kuyambira 2018, munthu wophunzira bwino ndi wozolowera wailesi, anataya mpando wa Petauke Central kwa a Emmanuel Jay Banda, woima payekha. Ku Nyimba nakonso anthu anasankha woima payekha, a Menyani Zulu. Zipani zazikulu zonse zinali ndi zikwangwani, zitenje, nyimbo ndi alangizi. Anthu a m'madera awiriwa anamva zonsezo, navotera anthu opanda cipani. Mlangizi wa zamasankho amene sangafotokoze cifukwa cace alibe cogulitsa.

ZIMENE ZITAYIKA NKHANI IKAPANDA KUFIKA

Wina anganene kuti zonsezi ndi mikangano ya andale, mlimi sizimkhudza. Zimkhudza m'thumba ndi m'nkhokwe. Thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, la CDF, linali K1.6 miliyoni pa dera lililonse mu 2021. Mu 2022 linakwera kufika K25.7 miliyoni, mu 2023 K28.3 miliyoni, mu 2024 K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 K36.1 miliyoni. M'ndalama zimenezi muli za kumanga makalasi ndi zipatala zazing'ono, za kulipirira ana ku masukulu a sekondale ogonera komweko ndi ku maphunziro a nchito za manja, ndiponso za thandizo ndi nkhongole kwa magulu a azimai ndi acinyamata. Koma ndalamazo sizigwa ngati mvula. Pafunika fomu, pafunika kudutsa ku komiti ya citukuko ya wadi, pafunika gulu lolembetsedwa, ndipo pali tsiku lotsekera. Amene akhala pafupi ndi ofesi ya khonsolo amva msanga. Mai wamasiye wa m'cigwa, amene mwana wace wakhoza mayeso, akamva tsiku litapita ndiye kuti mwanayo wataya caka, kapena wataya sukulu yonse. Palibe amene wamubera ndalama. Cimene camubera ndi nkhani yocedwa.

Mu 2024 mvula inakana. Pa 29 February Mtsogoleri wa dziko analengeza kuti cilala ndi ngozi ya dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo cimanga ca pa mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi cinauma. Thandizo linabwera m'njira zingapo, lina la cakudya, lina la ndalama, lina la nchito yolipidwa. Pa nthawi yotere funso la m'mudzi limakhala limodzi: alembedwa ndani, ndipo cifukwa ciani uyu walembedwa uyo wasiyidwa? Likapanda kuyankhidwa bwino, anthu adziyankha okha, ndipo yankho lao likhala lakuti nyakwawa yakondera abale ace kapena kuti thandizo ndi la a cipani cakuti. Udani wotere utsala m'mudzi njala itatha.

Palinso nkhani ya nkhalango. M'madera a mafumu ena a m'cigwa ca Luangwa anthu alandira ndalama cifukwa cosunga mitengo, pa malonda ochedwa a kaboni. Kufotokozera munthu kuti kampani ya kutsidya kwa nyanja idzalipira cifukwa ca mpweya umene mtengo wace wasunga, kuti ndalamazo ziwerengedwa bwanji, ndipo zigawidwa bwanji pakati pa mfumu, komiti ndi mudzi, ndi nchito yobvuta koposa kulemba mau a pa cikwangwani ca masankho. Munthu amene sanamvetse angaganize kuti dziko lace lagulitsidwa, kapena angabvomere zimene sanazidziwe. Zonse ziwiri nzoopsa.

Ndipo banyama sanafe. Kuciyambi kwa 2020, mbiri ya anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku inayambira ku Chingola ndi kufalikira dziko lonse, mbali yaikulu kudzera pa mafoni. Magulu a anthu amantha anapha anthu pafupifupi 50, ambiri pongowaganizira cabe. Mu 2021 katemera wa Covid-19 anakumana ndi mphekesera za mtundu womwewo. Foni yafulumizitsa bodza, koma mankhwala ace akali omwe aja: munthu wodziwika, wolankhula cinenero ca anthu, wofika msanga ndi zoona, ndi wokhala pompo kuyankha mafunso.

Tsono pamene nchito yeniyeni ili yotere, ana ena a dziko lino apita kukaphunzira luso la Cambridge Analytica, kampani ya ku Britain imene inagwira nchito pa masankho a ku Kenya mu 2013 ndi 2017, ndipo inagwa mu 2018 zitaululika kuti inatenga mbiri za anthu mamiliyoni pa Facebook popanda cilolezo cao. Masukulu abwino aphunzitsa nkhaniyo monga cenjezo, koma msika wa alangizi a zamasankho uitenga monga citsanzo. Luso logawa anthu m'timagulu ndi kuuza kagulu kalikonse zimene kaopa ndi mpeni wakuthwa m'dziko la mitundu 73. Ku Rwanda mu 1994 wailesi ya RTLM inaonetsa kumene mau osonkhezera angafikitse dziko. Mau akuti Zambia imodzi, mtundu umodzi sanadzisunge okha kwa zaka 60. Anasungidwa ndi anthu amene anakana kudyera pa kusiyana kwa mitundu.

AMENE ATSUTSA

Pali akuluakulu ena m'maofesi, okalamba pa nchito, amene anena kuti madigiri onsewa ngopanda pace, nchito iphunziridwa pa nchito. Amenewa alakwa. Wofalitsa nkhani angayende ndi cimkuza mau zaka 20 osadziwa kuti ndi angati anamva, anamva ciani, ndipo anacitapo ciani. Kudziwa zimenezo kufuna luso la kufufuza: kusankha midzi mosakondera, kufunsa mafunso osatsogolera yankho, kuwerengera bwino. Ku Tanzania mu 1973, pa kampeni ya zaumoyo ya Mtu ni Afya, anthu pafupifupi mamiliyoni 2 anamvetsera wailesi m'magulu, nawerenga timabuku, nakumba zimbudzi. Kampeniyo inakonzedwa ndi ophunzira a ku Dar es Salaam pamodzi ndi maunduna a Boma, atsogoleri a magulu anaphunzitsidwa pasadakhale, ndipo zotsatira zinayesedwa pambuyo pace. Safunsa anadya phula, ndipo ofesi imene sifufuza idya phula ndi ndalama za anthu.

Palinso ophunzira ena amene anena kuti nzeru ilibe cinenero, katswiri aganize m'Cingelezi ndipo womasulira atsirize zotsala. Amenewa alakwa koposa oyamba aja. Mu November 2020 Zambia inalephera kulipira nkhongole zace zakunja. Mu June 2023, ku Paris, maiko okongoza anabvomera kukonzanso nkhongole yokwana madola mabiliyoni 6.3. Kukonzanso kumeneko kunali kutalikitsa nthawi yobweza ndi kucepetsa ciongoladzanja. Sikunali kukhululuka, monga kunacitikira pa mbali yaikulu ya nkhongole mu 2005 pa nthawi ya a Levy Mwanawasa. Womasulira wopupuluma akanena pa msonkhano ku Kacholola kuti nkhongole yatha, anthu adzayembekeza kuti mitengo itsike mawa, ndipo ikapanda kutsika adzati Boma linanama. Kusankha liu loyenera pamenepo ndiyo nchito ya katswiri mwini wace, ndipo sangaicite ngati sanaganizepo nkhaniyo m'cinenero ca omvera.

Otsutsa acitatu ndi amene anena kuti wofalitsa nkhani za Boma ndi mlomo wa cipani colamulira, cotero kumphunzitsa ndiko kunola mpeni wa mdani. Mantha ao ali ndi maziko m'mbiri imene yafotokozedwa pamwambapa. Koma yankho lace ndi kuphunzitsa bwino. Kuyambira December 1990 malamulo a dziko alola zipani zambiri, ndipo ofesi ya ZANIS, imene inapangidwa mu 2005 pophatikiza ZIS ndi ZANA, ilipidwa ndi msonkho wa anthu a zipani zonse. Mu December 2023 lamulo lopatsa nzika ufulu wofunsa ndi kulandira nkhani kucokera ku maofesi a Boma linasainidwa. Lamulo limenelo likhala pepala cabe ngati mlimi wa kwa a Nyalugwe sadziwa kuti angathe kufunsa mtengo wa mlatho umene wamangidwa kwao ndi dzina la amene anapatsidwa nchitoyo. Amene angamuuze ndi wofalitsa nkhani wodziwa malire pakati pa Boma ndi cipani, ndipo malire amenewo aphunzitsidwa m'kalasi.

NZERU ILI PAFUPI

Yunivesite ya Zambia siyamba pa ziro. Cigawo cace ca zofalitsa nkhani cinakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1980 motsogozedwa ndi Professor Francis Kasoma, amene analemba buku la The Press in Zambia mu 1986 ndipo analimbikira kuti mtolankhani wa mu Africa atsate makhalidwe a anthu ace m'malo motengera za kunja mwakhungu. Cigawoco cinayambitsa digiri yaciwiri ya Master of Communication for Development, imene inakonzedwa kuti wophunzira akagwire nchito kwa kanthawi m'bungwe ndi kulemba zimene waona. Amenewo ndi maziko abwino. Koma bungwe la mu Lusaka, la magalimoto oyera ndi makompyuta, si mudzi ai.

Citsanzo coposa zonse cili ku Chipata. A Mike Daka, amene anali mkulu wa sukulu ya atolankhani ya ZAMCOM, anasiya Lusaka nakayambitsa wailesi ya Breeze FM mu 2002. Pa wailesiyo panachuka mphunzitsi wakale wodziwika ndi dzina la Gogo Breeze, amene anawerenga makalata a omvera, nayenda m'midzi ndi makina ojambulira mau, natengera madandaulo a alimi kwa akuluakulu a makampani ndi a Boma monga gogo wolankhulira adzukulu ace. Professor Harri Englund wa ku yunivesite ya Cambridge anabwera kudzamtsatira nkhalambayo, ndipo mu 2018 anatulutsa buku lathunthu lonena za iye. Cotero mzungu wa ku Cambridge anadza kudzaphunzira ku Chipata, pamene mwana wa ku Chipata alipira mapaundi zikwi zambiri kukawerenga bukulo ku England. Apite ndithu, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma abwerere ku dziwe lace.

Cofunika tsopano ncakuti unduna wa zofalitsa nkhani, mayunivesite ndi onse olipirira ophunzira agwirizane pa mfundo zolimba. Digiri yaciwiri ya phunziro limeneli isaperekedwe kwa munthu amene sanakhale miyezi ingapo m'boma la kumudzi, ndipo miyeziyo ikhale ya mvula, pamene miseu iduka ndipo nkhani ya fetereza ili pakamwa pa aliyense. Mayeso akhale ndi mbali ya kufotokoza nkhani yobvuta ya Boma m'cinenero ca dziko lino pamaso pa anthu wamba, ndipo anthuwo afunsidwe zimene amva. Zimene wophunzira wapeza zisathere pa shelefu ya laibulale. Zibwezedwe kwa eni ace mwacidule pa mawailesi a m'madera, monga Valley FM ku Nyimba ndi PASME ku Petauke, pakuti anthu atopa ndi alendo obwera ndi mafunso osabweranso ndi mayankho. Amene walipiriridwa ndi Boma akagwire nchito kumaboma zaka zowerengeka asanapemphe mpando ku likulu.

Khomo litsegukenso kwa amene ali kale pa nchito. M'maboma muli ofalitsa nkhani a setifiketi ndi dipuloma za ku Evelyn Hone College ndi ZAMCOM amene adziwa mfumu iliyonse, mseu uliwonse ndi tsiku la msika uliwonse, koma sangalowe maphunziro apamwamba cifukwa alibe digiri yoyamba, ndipo sangasiye mabanja zaka zinai kukaifuna. Yunivesite imene iwerengera zaka zao za nchito ndi kuwapatsa njira yophunzirira ali kwao idzapeza ophunzira obwera ndi mafunso enieni. Iwonso adzaphunzira cinthu cimene nchito yokha siphunzitsa, ndico kulemba lipoti lopita kumwamba lonena zimene anthu adandaula monga momwe azinenera, ndi manambala ace, angakhale lisakondweretse bwana. Malipoti otere akadafika pa desiki ya atsogoleri mu 1986 ndi 1990, mwina anthu ena sakadafa cifukwa ca mtengo wa unga.

Wophunzira woyamba wofuna mutu wa kafukufuku asabvutike kuufuna kutali. Atsike basi pa Nyimba, akalonjere akuluakulu a boma ndi mafumu monga mwa mwambo, ndipo asankhe midzi m'madera onse anai, ina ya pafupi ndi mseu, ina ya m'cigwa. Khomo ndi khomo afunse kuti ndi angati anamva za thandizo la CDF lolipirira ana sukulu, anamva kwa yani, m'cinenero canji, patatsala masiku angati kuti mafomu atsekedwe, ndipo mwa amene anamva ndi angati anatha kulemba fomu popanda kulipira munthu wowalembera. Manambala amenewo akawapereke kwa khonsolo ndi kwa phungu mwezi wa mafomu usanafike.